Mmene Ndinasankhira Fodya Pamaso pa Kalabu

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndipo sindibisa. Zilembo zanga n'zazikulu ngati mapazi a ng'ombe m'dambo, ndipo ndikutha kuzilemba chifukwa chaka chatha anandipala ng'ala kuchipatala n'kundipatsa magalasi. Koma fodya ndinkamudziwa. Mukafunse kwathu kuno kwa Chulu, mukafunse mpaka kwa Simlemba, kuti ndani amene belo lake silinkabwezedwa ku okushoni. Akuuzani. Mwina masiku ano ayamba aseka kaye, koma akuuzani.

Nkhani ndikufuna kunenayi ndi ya mzime wanga wamkazi. Anapita ku yunivesite, woyamba m'mudzi mwathu, n'kukaphunzira za chuma ndi malonda. Atabwera ndi pepala lake ndinapha mbuzi ziwiri, osati imodzi. Kenako chaka chathunthu chinatha ali pakhomo. Makalata ofunsira ntchito analemba, analemba, koma kunali zii. Zinali zaka za makuponi zija, pamene tinkafola kudepoti ndi kapepala m'thumba la malaya kudikira feteleza wotsika mtengo, ndipo pamzerepo anthu ankandifunsa, “Madala, bwana wathu uja ayamba liti ku ofesi?” Ine ndinkayankha mokweza kuti akusankha kaye, maofesi achuluka.

Tsiku lina mvula ikusiya, fodya atadzaza chigafa, mwanayu anabwera kuchokera ku boma ndi mapepala osindikiza m'chikwama.

“Ababa, khalani pansi ndikuuzeni.”

“Ndikumva ndili chilili. Nena.”

Anati kunja kuli masukulu akuluakulu kumene amaphunzitsa anthu kuyendetsa makampani. Wotuluka kumeneko sapempha ntchito, ntchito ndiyo imamupempha. Anati ena amathandizanso ndi fizi ngati mutu wako wawakondweretsa.

“Ndiye ukudikira chiyani? Lembera lero lomwe!”

“Vuto n'lakuti amafuna anthu amene anagwirapo kale ntchito zaka zingapo. Ngati ine, osagwirapo, amatenga ochepa. Amafuna makalata awiri. Imodzi andilembera kale aphunzitsi anga. Inayo ichokere kwa munthu amene anaona ndi maso ake kuti ndinayendetsapo chinthu chenicheni.”

“Bweretsa bolopeni!”

“Asakhale wachibale, Ababa. Ndipo kwatsala masabata atatu kuti atseke.”

Anandiyang'ana n'kupitiriza.

“Ntchito imene ndingalembe ndi imodzi yokha. Ya m'chigafa.”

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo. Panali patatha zaka zinayi maso anga atayamba kuchita nkhungu. Njira ndinkaiona, munthu ndinkamuzindikira, koma mtundu wa tsamba unandithawa. Fodya wa bale amasankhidwa ndi zinthu ziwiri, dzanja ndi diso. Dzanja limakuuza kuti tsamba ili n'lam'munsi kapena lam'mwamba, n'lopyapyala kapena lokhuthala. Diso ndilo limakuuza kuti ili n'lowala, ili n'lofiira, ili labisa kubiriwira m'mbali. Masamba obiriwira akalowa m'belo, ogula n'kuwapeza, belo lonse limabwerera kwanu. Dzanja ndinali nalo. Diso linapita.

Sindinauze munthu. Ndinamanga mpanda wa udzu wautali kuzungulira chigafa, n'kulengeza kuti ndikutchinga mphepo ndi mbuzi. M'kati mwa mpandamo mwana uja ndiye ankakhala pamphasa n'kumasankha, ine ndikumupatsira masamba. Sukulu ikatseka ankabwera, ikapanda kutseka ankakwera basi Lachisanu n'kubwerera Lamulungu. Ndinamuphunzitsa ndine, ndipo anandiposa msanga. Koma kunja kwa mpanda ndinkakuwa zina. Pabawo, pamaliro, pagolosale, nyimbo yanga inali imodzi: “Wanga sagwira fodya! Manja ake ndi a bolopeni. Utomoni udetse ana anu, osati wanga.”

Sizinathere pomwepo. Tinali ndi kalabu ya alimi, ndipo anzanga ankabweretsa masamba awo kwa ine kuti ndiwaonere magiredi. Ndinkati, “Siyani pakhomo pa mpandapo, mubwere mawa. Fodya saonedwa mothamanga.” Mawa lake ankapeza milu yosankhidwa bwino. Chaka chimene makuponi anafikanso ku fodya, aliyense analima bale, ngakhale amene sanaonepo nazale. Fodya anasefukira, ogula anayamba matama, mabelo ankabwezedwa tsiku ndi tsiku. Mwana uja ndiye anaona chifukwa chake. Anati alimi ang'onoang'ono amasakaniza magiredi chifukwa giredi imodzi siikwana belo. Bwanji anthu atatu aphatikize zotsala zawo, giredi imodzi belo limodzi? Ndinakanena kumsonkhano ngati nzeru imene yandibwerera ndikupalira. Anandiombera m'manja. Mabelo a kalabu anasiya kubwerera.

Ndiye pamene ananena za chigafa, ndinakana pomwepo.

“Zimenezo ayi. Ukufuna azungu aziti mwana wa digiri ankasankha fodya ngati tenanti?”

“Si azungu mukuwaopa, Ababa.”

Mayi ake anali pakhonde akusadzula nkhwani. Anangoti, “Eee,” osakweza mutu.

M'mawa mwake ndinali kale panjinga. Ndinapita kwa mnzanga wina amene ali ndi chigayo ndi golosale pamsika. Ndinamutengera tambala. Analemba kalata yoti mwana wanga anali manijala wake zaka ziwiri, n'kumenyapo chidindo chachikulu, kawiri, chifukwa choyamba sichinaoneke bwino. Ndinabwerera ndikuimba belu njira yonse.

Mwana anaiwerenga mpaka kumapeto.

“Ababa, anthu amenewa amaimba foni. Akandifunsa kuti lamba wa chigayo akaduka ndinkatani, ndiyankha chiyani?”

“Uziti unkagula wina!”

“Akazindikira kuti n'zabodza, basi, khomo latsekeka mpaka kale. Ntchito ndinagwira yeniyeni, bwanji ndibwereke yabodza?”

Kalatayo mayi ake anakolezera moto. Tambala wanga anapita chabe.

Ndinapita kwa abusa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma sindinakhale. Anati akhoza kulemba kuti mwanayu ndi wa kwaya, ndi womvera, sanaimitsidwepo mumpingo. “Koma za ntchito, akulu, inu nomwe munaimirira m'tchalitchi muno tsiku la zokolola n'kunena kuti mwanayu sadziwa kumene kuli khomo la chigafa. Ndilembe chiyani?”

Ndinapita kwa alangizi a zaulimi. Akale aja anali atasamutsidwa, atsopanowo ngakhale ine sankandidziwa. Ine!

Sabata inatha, inanso inatha. Pakhomo sindinkakhazikika. Ndinamasula mpanda mbali imodzi n'kuumanganso. Jeke yodindira mabelo ndinaisuntha kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, kenako n'kuibwezera. Ndinakalipira mbuzi zimene sizinalakwe. Mwana sankanena kanthu. Ankasankha fodya wanga monga mwa masiku onse, akamaliza n'kukhala pansi pa mtengo kulemba nkhani yake ya sukuluyo, kufufuta, kulembanso. Kukhala chete kwakeko kunkandiyabwa kuposa chitedze.

“Mukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira,” anatero mayi ake. “Khomo mukulidziwa.”

“Khomo liti?”

“La apampando.”

Apampando a kalabu yathu anali mphunzitsi wopuma, wa chakumpoto, Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. Chizungu ankachilemba ngati akusenda nthochi. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Pachisankho anandiposa ndi manja awiri okha, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawatchula mlimi wa choko, iwo akumva. Koma chidindo cha kalabu chinali kwa iwo, ndipo sanali achibale.

Ndinadutsa panjira yawo kawiri osakhota. Kachitatu njinga inakhota yokha.

“Odi kuno!”

“Lowani, achimwene. Lero mwasochera?”

Ndinawauza zonse. Ndinayesa kulankhula motsitsa, chinthu chimene pakhosi panga sipanazolowere. Za maso, za mpanda, za milu ija, za mabelo ophatikiza. Iwo anamvetsera, manja ali pamimba. Nditamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

“Yayi, achimwene, yayi. Munayamba kwa wachigayo, mwapita kwa abusa, lero mwafika kwa ine ndi nthano. Mudzi uno ulibe zitseko, zonse tamva. Inu amene mumaona kubiriwira muli kutsidya kwa msewu, lero ndinu akhungu? Mwanayo ngakhale fungo la fodya salidziwa. Mwatiuza nokha, zaka zinayi.”

“Ndikunena zoona!”

“Kale lija munkanenanso zoona, mokweza kuposa lero.”

Bodza langa ndinalimanga molimba kwambiri, mpaka choonadi chinasowa polowera.

“Tamverani,” anatero. “Chidindo si changa, n'cha kalabu. Loweruka tili ndi msonkhano pano. Nditulutsa fodya wanga wosasankha. Musankhe inu, asankhe mwanayo, anthu aone. Zikakhala monga mwanena, ndilemba tsiku lomwelo. Zikapanda kutero, musadzabwerenso ndi nkhani imeneyi.”

Masiku awiri otsalawo ndinaganiza zambiri. Ndinaganiza zodwala malungo. Kenako nzeru ina inandibwerera, yokoma ngati uchi. Ndinati ndikasankha mopusa dala, lam'munsi ndi lam'mwamba pamodzi, anthu adzati, “Aa, madala akuchita dala, akufuna kuthandiza mwana.” Dzina langa lidzatsala. Ndinayamba kuimba mluzu pabwalo. Mwana anandiyang'ana kamodzi kokha.

“Ababa, mawa musankhe ndi mtima wanu wonse.”

“Nanga ndingasankhe ndi chiyani?”

“Mukachita dala, apampando aona. Iwo si mwana. Akaona, salemba.”

Mluzu unathera pomwepo. Panalibe kothawira. Ndinayenera kuyesetsa ndi mphamvu zanga zonse, anthu onse akuona, kuti kulephera kwanga kukhale kwenikweni.

Loweruka anthu anabwera ambiri kuposa a kalabu. Ena sanalimepo fodya chibadwire. Apampando anayala mphasa pabwalo, padzuwa, kuti ndisadzati kunali mdima, n'kuikapo mulu. Ndinavula jekete. Ndinakhala pansi.

Poyamba zinayenda. Dzanja langa linathamanga m'masambamo monga kale, lam'munsi uku, lapakati uku, lam'mwamba uko. Ndinamva wina kumbuyo akuti, “Mwaona? Akhungu amatero?” Mtima unakwera. Ndinaiwala chimene ndinabwerera. Ndinafuna kupambana, ndikunena zoona, ndinafuna kupambana ngakhale mwana wanga anali ataima pomwepo.

Kenako inafika nthawi ya mtundu. Ndinanyamula tsamba, n'kuliloza kudzuwa. Linali lotuwa. Lina, lotuwa. Onse anali ngati phulusa lonyowa. Ndinanunkhiza, ndinapapasa, ndinatsinzina diso limodzi. Ndinaika milu itatu, owala, ofiira, obiriwira, monga mmene mtima unandiuzira. Ndinapukuta manja pabuluku n'kuti, “Ndamaliza.”



Mayi wina wamasiye, amene chaka china ndinamuchititsa manyazi pamsonkhano kuti fodya wake ndi wofolera chimbudzi, anagwada pamphasapo. Anatola tsamba pamulu wanga wa owala.

“Madala, ili mwaliika apa bwanji? Ili ngakhale mbuzi ikhoza kudya.”

Anatola lina. Anatolanso lina. Ankawaika pambali limodzilimodzi, mosafulumira, ndipo ndikhulupirira ankamva kukoma. Wina anaseka, wina anamuletsa. Mkulu wina anati, “Ndiye fodya wanga uja ankaona ndani?”

Apampando anatenga tsamba limodzi n'kuliika patsogolo pa mphuno yanga.

“Mtundu wanji uwu, achimwene?”

Ndinaliyang'ana nthawi yaitali.

“Sindikudziwa.”

“Kwezani mawu. Mawu muli nawo.”

Ndinaimirira. “Ndati sindikuona! Zaka zinayi sindikuona! Mwamva nonse? Kapena ndikwere pa ngolo?”

Palibenso anaseka. Apampando anasakaniza masamba aja n'kukodola mwana wanga.

Mwanayo anamanga chitenje, anakhala pamene ndinakhala ine. Sanayang'ane munthu. Manja ake ankayenda mofatsa kuposa anga, koma tsamba likachoka m'manja mwake silinkabwerera. Ali mkati mosankha anayamba kulankhula, maso ali pafodya.

“Apampando, uyu munathyola mvula itangogwa, n'chifukwa chake wachita mawanga.”

Apampando anakanda m'mutu.

“Inu agogo, chigafa chanu chimadontha mbali imodzi. Chaka chilichonse mumabweretsa masamba a nkhungu, ochepa, nthawi zonse ofanana. Inu amalume mumathyola asanakhwime, mumaopa akuba.”

“Wakuuza ndani iwe?” anatero amalumewo.

“Fodya wanu.”

Anthu anaphulika n'kuseka. Mayi wamasiye uja anafunsa kuti nanga iye bwanji chaka chija anamuphatikiza ndi mkulu wa kutsidya kwa dambo, osati mnansi wake. Mwana anayankha kuti minda yawo yonse iwiri ndi ya mchenga, masamba amatuluka opyapyala mofanana, pamene wa mnansiyo ndi wa pachulu, wokhuthala, ukanaononga belo. Anafotokoza mmene anagawira kalabu yonse, uyu ndi uyu, uyu ndi uyu, osaphonya. Zinthu zimenezo ine ndinkangozinena kumsonkhano monga anandiuzira. Chifukwa chake ndinachimva tsiku limenelo pamodzi ndi anthu ena onse.

Apampando anavula magalasi awo, anawapukuta, anawavalanso.

“Mama,” anatero, “pepani. Takhala tikuthokoza khomo lolakwika.”

Analemba masana omwewo, patebulo pansi pa mtengo wa mango. Ine sindinakhale pansi. Ndinkazungulira tebulolo, ndikusuzumira zilembo zimene sindikanaziwerenga ngakhale ndikanakhala ndi maso anayi. Atamaliza anawerenga m'Chizungu, kenako anamasulira. Analemba kuti kwa zaka zinayi mtsikanayu anasankha fodya wa kalabu yonse popanda womuyamika, kuti anaona chimene chinkabweza mabelo n'kupeza njira yake, ndipo kuti iwo eni anamuyesa pamaso pa anthu chifukwa sanakhulupirire.

“Mulembemonso kuti anamuphunzitsa ndi bambo ake.”

“Kalatayi si yanu, achimwene.”

“Mzere umodzi wokha!”

“Yayi.”

Anamenya chidindo. Kamodzi kokha, chinaoneka bwino.

Lolemba mwana anapita ku boma kukatumiza pa kompyuta, kutatsala masiku awiri kuti atseke. Pambuyo pake kunali kudikira, ndipo kudikira ine sindikutha. Pabawo ndinasiya kupita. Anthu a kalabu ankabwerabe ndi masamba awo, koma akafika pakhomo ankandipatsa moni waulemu n'kufunsa kuti, “Alipo?” Ndinkaloza ndi chibwano. Ena ankayesa kundisangalatsa, “Madala, nanga kukhuthalaku mukuti bwanji?” Ndinkawauza kuti asandinyengerere ngati mwana wodwala.

Masukulu analembera anali atatu. Awiri anakana mwaulemu. Yachitatu inati iimba foni. Foni kwathu inkagwira pafupi ndi mjigo pokha, ndiye tsikulo mwana anavala bulauzi yoyera n'kukaima pamenepo. Ine ndinathamangitsa amayi onse otunga madzi, kuti mjigo usalire. Analankhula nthawi yaitali, Chizungu chokhachokha, koma ndinkamva akutchula bale, akutchula kalabu, dzanja lake likusankha masamba m'malere. Ndinayandikira.

“Uwauze za chaka cha makuponi chija!”

Anandikupiza ndi dzanja ngati ntchentche.

“Uwauze kuti palibe belo linabwerera!”

Anatseka foni ndi chikhatho. “Ababa, pitani kunyumba.”

Ndinapita, koma ndinakaima kuseri kwa nkhokwe ya eni ake mpaka anamaliza.

Yankho linabwera tikukonza nazale. Anachokera ku boma ndi pepala limodzi, anandipeza ndikuthirira, n'kuwerenga ali chiimire. Sukuluyo inati malo amusungira. Koma asanapite, agwire kaye ntchito zaka ziwiri, kulikonse kumene angapeze, kenako abwere.

Ndinaponya kheni pansi.

“Ati chiyani? Agwire kaye ntchito? Ine ndavula pamaso pa kalabu yonse, mayi wamasiye wandisankhira masamba ngati mwana wa sitandade 1, iwo akuti sunagwirebe ntchito? Abwere kuno! Abwere ndiwapatse mulu umodzi wokha, tione ngati afika nawo masana!”

Mwana ankaseka, misozi ili m'masaya.

“Ababa, anditenga. Mukumva? Anditenga.”

“Ndamva! Koma zaka ziwiri za chiyani?”

Mayi ake anabwera akuthamanga, anamva, analulutira mpaka agalu anauwa. Ine ndinatola kheni ija, yopindika kukamwa, n'kupitiriza kuthirira, ndikulankhula ndekha. Madzi ankapita m'njira, osati pambewu.

Ndi pepala la sukuluyo pamodzi ndi kalata ya apampando, mwana anapeza ntchito ku Lilongwe, kukampani ina yogula mbewu, mwezi usanathe. Maofesi amene ankangokhala chete chaka chathunthu aja tsopano ankayankha msanga. Zaka ziwirizo ndinaziwerenga ine kuposa iye, ndipo zitakwana anakwera ndege. Sukuluyo ndinaithokoza pamaso pa mpingo, mokweza, chifukwa ndine munthu wodziwa ulemu. Koma zaka ziwiri zija sindinawakhululukire, ndipo mwana akaimba foni ndimamuuza kuti akawauze akuluakulu ake.